A Marcelina ndi Lista ya ku Malona

Malemu a Marcelina Arsénio, Anamwale, anabadwa pa 9 Marso 1981 ku Chiputo, mvula ili pakati, mitsinje itadzaza moti ngakhale njinga sinkadutsa. Anali oyamba kubadwa kwa malemu a Arsénio Mwale ndi ine, Matilde. Tinabereka ana asanu, atatu anatisiya akadali aang'ono, ndipo lero tikuika wachinayi.

Mwambo ndikuudziwa. Mayi sayankhula pa maliro a mwana wake, amakhala m'nyumba pambali pa bokosi. Ndiye ine sindiyankhula. Ndalemba, ndipo akuwerengawa ndi alongo anga a Lucas. Ndawauza kuti asadumphe liwu ngakhale limodzi, chifukwa chitseko ndi chotsekula ndipo ndikumva. Amene mumayembekeza mbiri yosalala ya mphindi zisanu, pepani, khalani pansi bwinobwino.

Mu 1987 nkhondo itafika kwathu tinathawira ku Zambia, ndipo anatiika ku Ukwimi. Malemu anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akuluakulu amene munali kumeneko, kapena m'makampu a ku Malawi, mukudziwa lamulo lomwe tonse tinaphunzira: dzina lako likasowa pa lista, mwezi umenewo sudya. Chimanga, nyemba, bulangete, khasu, zonse zinkayenda pa lista. Ukamva kuti uko akulemba maina sunkafunsa kuti n'za chiyani. Unkasiya ndowa pachitsime n'kuthamanga, mafunso pambuyo.

Mu 1989 bambo awo anadwala malungo tsiku lolembetsa, ine ndili kuchipatala ndi khanda. Banja lathu linasowa pa lista ndipo mwezi wonse tinadya madeya opempha. Mwezi wotsatira malemu, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, anakaima patsogolo pa tebulo la olemba kuyambira m'mawa, osasuntha, kufikira ataona ndi maso awo cholembera chikulemba dzina la bambo awo. Kuchokera tsiku limenelo chinthu chimodzi sankachipirira: kuona munthu atasiyidwa pa lista. Musunge zimenezi, tizifuna kutsogoloku.

Shikola anayambira konko mu 1990. M'kalasi mwawo munali mwana wamasiye dzina lake Adérito, amene ankadya kwathu ndi kugona pa mphasa imodzi ndi ana anga. Ndi a Adérito omwewa, asekretaryo a bairo, dera lathu lino.

Mu 1994 malole anatibweza kwathu n'kutitsitsa pano pa Fíngoè. Ku Chiputo tinalibenso khoma loti n'kulozapo. Anatisonyeza chitunda cha miyala ichi kuseri kwa msika, natipatsa malona oti tifundike pamitengo, nati mukhala pano miyezi itatu yokha. Ndi chifukwa chake malo ano amatchedwa Malona. Miyezi itatu ija lero yakwana zaka makumi atatu ndi chimodzi. Tinazula miyala ndi manja, tinaumba njerwa, tinabzala mango. Pepala la malo palibe anatipatsa, ndipo ife sitinalifunse, poti amene anatiika pano ankatidziwa.

Malemu anabwereranso m'kalasi yachitatu ali ndi zaka khumi ndi zitatu, chifukwa Chipwitikizi sankachidziwa. Anali wamtali kuposa ana onse, ankawaseka, koma sanasiye. Anamaliza kalasi yachisanu ndi chiwiri mu 1999. Chaka chomwecho bambo awo anamwalira, shikola inathera pomwepo.

Pa 20 Otubro 2001 anamanga ukwati ku tchalitchi ndi a Bento Lungu. Mulungu anawapatsa ana atatu: Olga mu 2002, Nelito mu 2006, ndi Mónica mu 2011. Amene ananyamula Nelito pa ubatizo ndi a Adérito, choncho ankaitanana kumpare ndi kumare. Mu 2015 a Bento dzenje la golide linawagumukira, nafera momwemo. Malemu analera anawa okha, ndi benchi la tomato ndi nsomba zouma pamsika.

Ntchito yawo ina inalibe malipiro. Kuyambira mu 2008, Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo, ankaphunzitsa akuluakulu kuwerenga pansi pa mtengo wa mango uli apowo. Ngakhale zilembo zokhotakhota zomwe alongo anga akuvutika nazozi, anandiphunzitsa ndi iwo. Kalata iliyonse yolowa m'Malona, ya kuchipatala, ya kushikola, ya mwana ali ku Tete, inkafikira pakhonde lino. Ankawerenga, n'kumasulira m'Chinyanja, n'kulemba yankho. Zinsinsi zanu zambiri apita nazo, palibe ndi chimodzi chomwe anaulula.

Tsopano nkhani ya bairo. Malona anakula kufika nyumba 140. Mjigo umodzi. Njira zopapatiza moti anthu awiri osenza mitolo sapatukirana. Mvula ikagwa, zimbudzi za kumtunda zimatsikira m'makhonde a kumunsi. Nyengo ya mavoti iliyonse a zipani ankabwera, onse, sindikupatula, ndi makapulana, zitenje za chipani zija, ndi nyimbo. Uyu akuti msewu, uyu akuti magetsi, uyu akuti mapepala a malo. Mavoti akatha, fumbi la magalimoto awo ndi lomwe linkatsala.

Mu 2019 kunakhazikitsidwa komiti yoti ikonze vila, tawuni yathu ino, ndipo Malona anasanduka nkhani ya pakamwa pa aliyense. Ena m'komitimo ankati bairo limeneli ndi chilonda pamphumi pa vila, anthu asamutsidwe apite makilomita asanu ndi anayi pa msewu wa ku Chipera, pano pamangidwe msika watsopano ndi masitolo. Ogula golide ankavomereza zimenezo ndi mitu iwiri. Ena ankati ayi, anthu akhale, koma njira ziwongoledwe, mjigo wachiwiri ukumbidwe, aliyense apatsidwe pepala la malo ake. Anakangana zaka ziwiri, m'maofesi, m'mabawa, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Onsewo ankanena za ife, koma wobwera kudzakhala pakhonde n'kutifunsa panalibe.

Malemu anali mbali ya kukhala. Anayenda ndi chingwe nyumba ndi nyumba, kuyeza, kupempha aliyense kuti alole kutaya phazi limodzi kapena awiri a bwalo lake kuti galimoto ya odwala izilowa. Iwo eni anayamba ndi kugwetsa khitchini yawo. Ankati tikadzikonzera tokha, sadzapeza chonamizira. Ndipo anali ndi mtima pansi, poti wolankhulira Malona m'komitimo anali kumpare wawo. Pamene a Adérito ankasankhidwa mu 2017, amene anayenda khomo ndi khomo kuwapemphera anali malemu omwewa. Ankati uyu ndi mlongo wanga, tinadyera mbale imodzi ku Ukwimi.

Loweruka pa 14 Agosto 2021 a komiti anabwera kudzachita msonkhano pansi pa mtengo uja. Anapachika chipepala chachikulu chojambulapo malo atsopano: misewu yowongoka, mijigo inayi, shikola, timitengo tobiriwira. Chikomekome cha nkuyu. Analankhula Chipwitikizi nthawi yaitali, malemu akumasulira. Anthu anakana, ndipo anakana mokweza. Mayi wina anafunsa ngati mango athu nawonso adzakwera lole. Bambo wina anati ana azidzayenda bwanji makilomita asanu ndi anayi kubwera kushikola, poti shikola ya papepala siphunzitsa. Anthu anaseka, a komiti anapinda chipepala chawo. Tinaona ngati tapambana.

Pomaliza a Adérito anatulutsa mapepala ndi kabokosi ka tinta, inki yodindira chala. Anati iyi ndi lista ya amene abwera ku msonkhano, kuti akuluakulu aone kuti ku Malona kuli anthu ambiri ofunika mjigo wachiwiri. Pepala la pamwamba linalembedwadi choncho, malemu analiwerenga okha mokweza. Mapepala ena onse apansi anali mizere yokhayokha, ya dzina ndi chala.

Tsiku limenelo anabwera anthu ngati makumi asanu ndi limodzi basi. Inali nyengo ya madimba, amuna ambiri ali kumaenje a golide. Malemu anayang'ana mizere yopanda maina ija, mtima unawawawa. Anaganiza za okalamba, za odwala, za amene ali kudimba. Anauza kumpare wawo kuti awabwereke mapepalawo masiku atatu, pasakhale nyumba yosiyidwa. A Adérito sanakane. Anawapatsa ndi tinta yomwe.

Masiku atatu malemu anayenda m'Malona monse, benchi la kumsika litatsekedwa. Analowa m'zipinda za odwala. Akhungu anawagwira dzanja n'kuwadinditsa. Ena munkawathamangira panjira, kuopa kuti akudumphani. Panapezeka zala 138. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti pepala limeneli likupita kuti. Inenso sindinafunse, chala changa chili pa nambala 4. Tinachita zomwe kampu inatiphunzitsa. Malemu anakapereka mapepalawo m'manja mwa kumpare wawo, nabwerera akuimba.

M'mwezi wa Junyo 2022 kunabwera anthu ndi chitini cha utoto wofiira, nayamba kulemba mitanda pamakoma athu. Mtanda wa nyumba ino mukuuona, uli pamwamba pa mitu ya azimayi ali pakhondewo. Malemu atafunsa, anawaonetsa chikalata chomenyedwa karimbo, chidindo cha ofesi. Pepala la pamwamba silinali lija. Latsopanoli linkanena kuti ife okhala ku Malona tamva, tamvetsa, ndipo tavomera mwa kufuna kwathu kusamuka. Pansi pake panali mapepala aja, maina 138, onse olembedwa ndi dzanja la a Marcelina.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ambiri muli pano munalipo. Simunapite kwa amene anasintha pepala. Munabwera pakhomo lino. Munati Marcelina watigulitsa. Munati walandira malo a m'mbali mwa msewu. Tomato wawo ankaola pabenchi inu mukukagula kwa woyandikana naye. Pamjigo akafika, nkhani zinkaduka, ndowa yawo n'kukankhidwira kumapeto. Ophunzira awo, anthu amene anawagwira dzanja kuwaphunzitsa kulemba maina awo, anasiya kubwera mmodzimmodzi mpaka pansi pa mtengo panatsala mabenchi okha. Kutchalitchi anauzidwa kuti ayambe apuma kaye kuwerenga mawu. Mónica anabwera kuchokera kushikola akulira, anzake atamufunsa kuti amayi ako anatigulitsa ndi matumba omwe kapena tokha.

Malemu anapita kwa kumpare wawo katatu. Koyamba anauzidwa kuti achoka. Kachiwiri anauzidwa kuti agona. Kachitatu anawapeza pabwalo, ndipo a Adérito anayankha pamaso pa anthu kuti iwo anangopereka zomwe a kumare anawabweretsera. Sindikunena kuti anagulidwa, sindinaone. Ndikunena chomwe maso a aliyense aona: pakati pa Malona pali nyumba imodzi yokha yopanda mtanda wofiira, ya a Adérito. Munthu amene ndinamutsuka zipere ndi manja angawa. Ngati alipo pano, asaweramitse mutu, mbiri ndi ya malemu, si yawo.

Wina akanatseka chitseko n'kukusiyani. Malemu ayi. Anayamba kuyenda m'maofesi. Bwerani mawa, abwana ali ku msonkhano, bwerani Lolemba. Nsapato ziwiri zinatha. Ku Tete anapita kawiri. Kumeneko mayi wina wodziwa malamulo anawauza zoona: pepala limaphedwa ndi pepala linzake. Mukabweretsa lina lokhala ndi zala za nyumba zoposa theka, lonena kuti simunavomere, komiti siingathe kutseka nkhaniyi mwakachetechete.

Anabwerako nalemba pepala latsopano. Ulendo uno mutu wa nkhani anaulemba pamwamba pa tsamba lililonse, m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, kuti pasapezeke wochotsa tsamba limodzi n'kusintha zonse. Anagula tinta yawo. Anayambanso kuyenda khomo ndi khomo, njira zomwe zija. Koma tsopano zitseko zinkatsekedwa iwo asanafike. Ena munkatuma ana kuti anene kuti kulibe anthu, utsi ukutuluka m'khitchini. Ena munkawauza m'maso kuti chala chinadyedwa kamodzi, sichidyedwa kawiri. Pepala labodza munalithamangira masiku atatu. Pepala loona, zaka zitatu, lapeza zala khumi ndi chimodzi.

Mu Setembro 2023 nyumba 23 za kumunsi zinagwetsedwa. Eni ake anatengedwa pa lole kupita ku malo atsopano aja. Mijigo inayi ikadali papepala. Madzi akutunga kumtsinje wouma, pokumba mchenga. Ana asiya shikola. Mabanja ena abwerera, akugona m'makhonde a abale muno. Tsiku logwetsalo malemu anaima poteropo kuyambira m'mawa, akuthandiza kunyamula malata a anthu omwe sankawapatsa moni. Atabwera kunyumba sanadye. Anandiuza kuti amayi, amene ndawagwetsera nyumba ndine, ndinawagwira dzanja ndekha. Ndinawakalipira kuti asiye zopusazo. Sanandimve.

Matenda anayamba mu Fevereiro chaka chino. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera akangokwera chitunda. Anagonekedwa kuchipatala cha pano, kenako mu Mayo anatumizidwa ku Tete, nabwerako mu Junyo ndi mankhwala. Anauzidwa kuti apume. Koma akangopeza timphamvu ankatenga pepala lija n'kutuluka, Olga akuwagwira mkono. Chala chomaliza, cha khumi ndi chimodzi, anachipeza mu Julyo, kwa mkulu wina wakhungu amene anati ndiwerengereni kawiri, n'kudinda.

Lachiwiri pa 2 Setembro masana anagwa pakhonde pano. Galimoto ya odwala inabwera msanga, koma inaima kumsika, chifukwa m'Malona mulibe njira. Njira ija ankayeza ndi chingwe. Tinawanyamula pa chitseko kudutsa m'tinjira tija, tikupendeketsa pamakona. Anamwalira m'mawa wa Lachitatu pa 3 Setembro 2025, ali ndi zaka 44. Adokotala akuti ndi mtima. Ine sinditsutsa, anaphunzira ndi iwo. Koma amene anauponda mtimawo ndikuwadziwa, ndipo si munthu mmodzi.

Malemu asiya ana atatu, Olga, Nelito ndi Mónica, mdzukulu mmodzi, mlongo wawo Mário amene wafika dzulo kuchokera ku Chipera, amalume awo a Lucas, ndi ine mayi wawo. Asiyanso nyumba ya mtanda wofiira, imene anawa sakudziwa ngati mvula ikubwerayi iwapeza alimo.

Tikuthokoza anamwino a pano ndi a ku Tete, anawasamala bwino. Tikuthokoza amuna anayi amene ananyamula chitseko chija. Tikuthokoza adzukulu amene akumba manda pa nthaka ya miyala, ndi amayi a kwaya amene akhala nafe. Mabanja khumi ndi limodzi aja, simukusowa kutchulidwa, mukudzidziwa, Mulungu akuonjezereni. Bokosi tapanga ndi matabwa a mabenchi a pansi pa mtengo, poti analibenso okhalapo. Matabwa amene asekretaryo anatumiza dzulo ali kuseri kwa nyumba momwe anabwerera. Akawatenge. Nkhata ya maluwa ya a komiti ili pamwamba pake.

Tsopano inu nonse a m'Malona. Lero mwadzaza bwalo, mwafika mpaka kumjigo. Ndakumvani mukulira, ndipo ena mukulira zoona. Koma ine misozi ndili nayo yokwanira, sindikusowa yapamwamba. Ndinakulira pamsika, chinthu ndimachitchula mtengo wake poyera. Komiti ikukhala Lachinayi likudzali, pa 11, kutseka nkhani ya nyumba zotsala. Pakufunika zala 71. Malemu asiya 11.

Pobwera kumanda mupeza madzi osamba m'manja pakhomo pano monga mwa mwambo. Patsogolo pa madziwo padzakhala tebulo, pansi pa mtanda wofiirawu. Pepala la malemu lidzakhala pamenepo, ndi tinta yawo imene siinathe. Olga adzawerenga tsamba lililonse mokweza, m'Chinyanja. Mufunse. Mufunse kuti likupita kuti, wanyamula ndani, abwera nalo liti yankho. Amene amve n'kukana, akane, adutse akasambe m'manja, sitimutsata. Koma wina asadinde chifukwa choona mzere wa anthu, kapena chifukwa cha manyazi a maliro. Kudinda kosafunsa ndi kumene kwatifikitsa pano. Lachinayi pepalalo ndikapereka ndekha, tsamba ndi tsamba, ndipo sindikachoka pa tebulo lawo kufikira ataliwerenga ine ndikuona. Ndinaphunzira kwa kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu.

A Marcelina, Anamwale, mwana wanga, mwayenda mokwanira. Simunagulitse munthu. Munangoopa kuti wina asiyidwa. Kumene mukupitako dzina lanu linalembedwa kale m'buku la moyo, ndipo kumeneko kulibe wosintha pepala la pamwamba. Ikani miyendo yotupayo pansi, mupume. Mzimu wanu uuse mu mtendere wa Ambuye.

Adzukulu, nyamulani. Pamakona mupendeketse bwino, njira ndi yopapatiza.